Musanyoze amene amatisenzera katundu waulere

Tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Chikweo ku Machinga, kujambula mawu a agogo anga aakazi. Ankasimba nthano m'Chiyao ndi kuimba nyimbo za pamtondo zomwe atsikana a lero sazidziwa. Laputopu yanga ndi yakale, yogula kwa munthu, ndipo ili ndi Ubuntu 22.04. Mawu ndimadula ndi kusalaza pa Audacity. Mnzanga wa m'kalasi anavomera kundichotsera phokoso la nkhuku ndi mphepo yochokera ku Chiuta, nanditumizira ntchitoyo. Fayilo inakana kutseguka.

Nditamuimbira anayamba ndi kuseka. "Ndi zimenezo zinthu zaulere. Ika Windows iwe, ndikupatse pulogalamu yokiraka ngati wina aliyense. Anthu ako a Linux ndi aulesi." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri ku koleji, ndipo anditopetsa.

Chomwe chinachitika n'chapafupi. Mu March 2021 Audacity 3.0 inasintha kasungidwe ka ntchito. Kale munkakhala ndi fayilo ya .aup ndi chikwatu chodzaza tizidutswa ta mawu. Tsopano zonse zimalowa mu fayilo imodzi ya.aup3. Audacity yakale siiwerenga. Ubuntu 22.04 inatuluka mu April 2022 ili ndi Audacity 2.4.2 ya 2020. Mnzangayo anali ndi yatsopano, ine yakale. Basi.

Nanga anachedweranji? Apa m'pamene onyoza samafika. Pulogalamu sigwa yokha mu Ubuntu ngati mango. Mapulogalamu ambiri Ubuntu imatenga ku Debian, ndipo ku Debian pali anthu, ambiri ongodzipereka osalandira kanthu, amene amatenga khodi kwa eni ake, kuimanga, kuiyesa, ndi kuonetsetsa kuti sikuswa zina. Audacity 3.0 inkafuna wxWidgets yosinthidwa ndi eni ake, osati imene mapulogalamu ena onse amagawana. Kenaka inayamba kudalira chida chotchedwa Conan chokoka zigawo pa intaneti pomanga, pomwe malamulo a Debian salola zimenezo: chilichonse cholowa mu phukusi chiyenera kukhala poyera kuti wina aliyense achione. Wina anayenera kukhala pansi usiku, atachoka kuntchito yake yolipidwa, n'kumamasula mfundo zonsezi.

Chaka chomwecho cha 2021 chinalinso cha fumbi. Mu April kampani ya Muse Group inatenga Audacity, pulogalamu yomwe Dominic Mazzoni ndi Roger Dannenberg anayambitsa ku Carnegie Mellon University n'kuitulutsa mu 2000. Mu May panabwera ganizo loti izitumiza uthenga wa momwe anthu akuigwiritsira ntchito kudzera ku Google ndi Yandex. Anthu anakwiya, ganizolo linasiyidwa, ena n'kupatuka kukayambitsa yawo yotchedwa Tenacity. Ndiye mundiuze: pa nthawi ngati imeneyo, mukanafuna munthu wongomeza chilichonse chatsopano n'kukuponyerani mu kompyuta, kapena woyamba wanunkhiza? Ine mawu a agogo ndingawasungitse kwa wachiwiriyu.

Sindikuti kuchedwako kunali kokoma. Zaka ziwiri n'zambiri. Debian 12 inabwera mu June 2023 ndi Audacity 3.2.4, Ubuntu 24.04 ili ndi 3.4.2, koma kukweza dongosolo lonse uli kwa Chikweo, ukuchajitsa laputopu pa sola ya mwini golosale ndi kuwerengera bando ngati mchere wa m'nyumba ya wamasiye, si nkhani yongodina batani. Zinandiwawa. Komabe funso langa lili kwa ife. Chaka ndi chaka timamaliza maphunziro a kompyuta m'makoleji a dziko lino. Mapulojekiti athu omaliza amafera mu fulashi. Ndani mwa ife anayesapo phukusi lisanatuluke, kapena kulemba lipoti la vuto limodzi lokha? Ine ndemwe sindinatero. Timadya nsima yophika ena, kenaka n'kumadandaula kuti yabwera mochedwa, ife nkhuni osatola.

Ndipo njira imene mnzanga amaitamayo njoseketsa. Pulogalamu yokiraka inathyoledwa ndi munthu amene sumudziwa, woti anaikamo chiyani sudziwa, ndipo kuti igwire umayamba wazimitsa antivayirasi ndi manja ako. Munthu wochita zimenezi alibe pakamwa ponenera anzake amene dzina lawo ndi ntchito yawo zili poyera. Tsiku lomwe udzatsegule situdiyo yako kapena kulembedwa ntchito pa wailesi, udzapitirizabe kuba?

Vuto langa linatha mopanda phokoso. Ndinamuuza mnzangayo kuti asanditumizire pulojekiti, angotulutsa mawuwo ngati FLAC, yomwe njopepuka kuposa WAV koma sitaya kanthu. Audacity yanga ya 2020 inatsegula bwinobwino. Madzulo ake ndinawaseweretsera agogo pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kuti nkhuku zawo zapita kuti, poti iwo akukumbuka kuti tambala analira pakati pa nthano ya kalulu.