Ambuya anavaladi, koma amene anagwira kamera ndani?

Ngati muli na foni ya intaneti, mwationa kale tumafilimu twakale twa Lusaka, Kitwe na Livingstone. Wina amaikapo kanyimbo kozizira, ndipo anthu ayamba kudandaula: ati kale anthu anali kudziwa kuvala, ati town inali yoyera, ati bwezani nthawi. Mawa lake mupeza mtsikana pa salaula ku Soweto akuvundukula mulu wonse, afuna delesi yothina m'chiuno, yotambalala kunsi, imene chaka chatha akanati ni ya ambuya. Manje dzina lake ni vintage. Ogulitsa nawonso amva, mtengo wakwera.

Zovala zija n'zokongola, pamenepo palibe mlandu. Imitsani filimu pakati muyang'ane bwino. Kabudula wa khaki ali na mzere wakuthwa monga mpeni, sokosi zafika m'maondo, nsapato zing'anima. Amai amanga chitambala chogwirizana na delesi, lamba m'chiuno, mwana kumbuyo. Mwamuna ali pa njinga koma wavala jekete na chisote, buluku wamanga pa akakolo kuti tcheni isamudye. Ndipo kumbukirani kuti zonsezi anali kuchisa na nsimbi ya malasha. Kanyenyeswa kamodzi ka moto kagwa pa malaya oyera, malipiro a mlungu wathunthu apita.

Koma musanalire kwambiri, funsani amene anagwira kamera, na chimene anali kugulitsa.

Mafilimu ambiri a anthu akuda a nthawi ija anapangidwa na Central African Film Unit, imene inayamba mu 1948 n'kutha mu 1963 pamodzi na Federation. Likulu lake linali ku Salisbury, Harare ya lero, ndipo inali kutumikira Northern Rhodesia, Southern Rhodesia na Nyasaland. Galimoto ya basikopo inali kufika pamudzi olo mu komboni, atambasula chinsalu, dzuwa likalowa anthu akhala pansi. Ambiri mwa mafilimu oyamba analibe mawu, munthu ndiye anali kuimirira pambali kufotokoza m'chilankhulo cha pamalopo. Nkhani yake kawirikawiri inali imodzimodzi: anthu awiri, wanzeru na wopusa. Wanzeru amvera mlangizi wa boma, asunga ndalama ku positi, alima monga wauzidwa. Wopusa sakumva, ndipo zimuvuta.

Apa ndiye pali nkhani yathu ya zovala. Mu filimu yopanda mawu, mudzadziwa bwanji wanzeru? Ni malaya. Wanzeru amuveka zochisa, mkazi wake delesi yoyera, patebulo kansalu. Wopusa amuveka nsanza. Choncho mukaona banja lija likumwa tiyi mu makapu ofanana, musaganize kuti kamera inangopita n'kuwapeza. Munthu anasankha nyumba, anasankha anthu, ananena kuti khalani apa, mwetulirani.

Tengani Mulenga Goes to Town ya mu 1949. Mnyamata atumidwa ku town kukagulitsa nkhuku, town imuchenjerera, abwerera kumudzi chimanjamanja. Uthenga wake sufuna womasulira: khala kwanu, town si yako. Ndiye pali Lusaka Calling ya mu 1950, imene ntchito yake inali kutsatsa wailesi. Iyi ni ija Saucepan Special, kawailesi ka buluu kozungulira monga poto, kamene Harry Franklin wa ofesi ya zofalitsa nkhani ananyengerera kampani ya Ever Ready ku Britain kuti ipange. Kanatuluka mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire mugula padera. Wailesi inali yabwino, ndipo ndiyo inalowetsa mawu a ba Alick Nkhata m'nyumba za anthu. Koma filimu ija inali advert, monga mmene lero kampani ya mafoni imakuonetsani banja losekerera limene network siivuta.

Chimene simudzachiona mu mafilimu aja ni kawindo. M'masitolo ambiri a azungu mu Cairo Road, munthu wakuda sanali kulowa pakhomo. Anali kuima panja, pa kawindo ka pambali, n'kulandira chimene wapatsidwa. Ganizirani, amai aja mukuwasirira pa foni sakanatha kulowa kukayesa delesi mu sitolo ya mumsewu umene kamera inawajambula. Ku mabutchala kunali chimodzimodzi, mpaka African National Congress ya ba Harry Nkumbula inayamba kuuza anthu kuti aleke kugulako m'zaka za m'ma 1950. Simudzaona chitupa m'thumba la jekete ija, chimene anthu anadzatentha pa Cha Cha Cha mu 1961. Ndipo tunyumba tozungulira twa udzu twa ku Kabwata, tumene lero mumapitako kukagula ziboliboli, tunamangidwira mwamuna mmodzi wantchito, mkazi na ana ayenera kutsala kumudzi.

Manje musathamange kunena kuti zonse zinali bodza. Chikondi cha zovala sichinabwere na kamera. Godfrey Wilson, amene anafufuza umoyo wa antchito ku Broken Hill, Kabwe ya lero, cha m'ma 1940, anapeza kuti gawo lalikulu la ndalama zimene anthu anali kulandira linali kupita ku zovala, ndipo kunali makalabu a dansi kumene anthu anali kupikisana mavalidwe. Clyde Mitchell analemba mu 1956 za gule wa kalela ku Luanshya: anyamata ogwira ntchito zapansi, koma pa Sande atulukira na mabuluku ochisa bwino, nsapato zopolisha, kampango koyera m'manja. Ine ndimaona kuti iyi inali yankho. Munthu amene mlungu wonse amatchedwa boy na mwana wa zaka khumi, pa Sande avala kuti aliyense aone kuti ni bambo wa munthu. Ndipo anyamata a ku migodi sanatengere sitayelo ku mafilimu a boma aja. Iwo anali kufuna ma cowboy a ku America, amene onse anali kuwatcha Jack, mpaka ana mu komboni anali kuyenda motangadza miyendo na mfuti za mitengo.

Itafika 24 October 1964, kamera inasintha manja koma ntchito yotsatsa inapitirira. Mafilimu a Zambia Information Services na okopa alendo adzakuonetsani Victoria Falls, atsikana a Zambia Airways, ba Kaunda na safari suit yawo na kampango koyera, amai mu chitenge cha Kafue Textiles, mawigi, mini, mabuluku otambalala kunsi. Apa ndipo ine mtima umagwa, chifukwa anthu aja aoneka kuti dziko ni lawo. Koma nawonso mafilimu awa sadzakuuzani kuti mtsikana wa mini anali kuthamangitsidwa mumsewu na anyamata a chipani, olo kuti patapita zaka pang'ono amai omwewo anali kuima pa mzere ku ZCBC na Mwaiseni kuyambira m'bandakucha chifukwa cha sopo na saladi. Delesi yoyera pa nthawi imene sopo asowa, imeneyo ni ntchito, mwandi.

Tibwere kwa inu amene mufuna kuvala monga iwo. Delesi ya vintage imene mwaipeza pa salaula yachokera mu wodilopu ya mzimai wa ku Ulaya olo ku America. Palibe choipa, valani. Koma ya ambuya anu nthawi zambiri inachokera kwina. Anagula nsalu pa mayadi ku masitolo a amwenye, kumene kale kunali kutchedwa Second Class, ku Kamwala uku, n'kupatsa telala wokhala pakhonde na Singer yake yopalasa na mwendo. Ena anasoka okha, ataphunzira ku kalabu ya amai ku welfare. Ndiye chifukwa chake zovala zija zikhala bwino pathupi: zinapimidwa pa munthu mmodzi. Salaula yochuluka chonchi yabwera mochedwa, makamaka pamene malonda anatsegulidwa pambuyo pa 1991, ndipo matelala ambiri na mafakitale a nsalu anagwa nayo.

Choncho jambulani chithunzi pa foni pamene filimu yaima bwino, mupite nacho kwa telala. Sankhani wachikulire ngati alipo, amene sadzakufunsani kuti pleat n'chiyani. Gulani kotoni yeniyeni, osati zoterera zija zimene zimamatira pathupi mu October. Muuzeni asiye nsalu yokwanira mkati mwa msoko na kunsi, monga anali kuchitira kale kuti delesi ikule pamodzi na mwini wake.

Ndipo musanapite, pitirani kwa ambuya ngati akali moyo. Atsegule thiranki ija ili kunsi kwa bedi, imene inu mumati idzaza malo. Muwaonetse filimu pa foni, muone ngati adzagwirizana nayo. Afunseni amene anawasokera delesi ya pa chithunzi cha ukwati, nsalu anagula zingati, ndipo analipira kamodzi olo pang'onopang'ono. Ngati nsapato za pa chithunzi zioneka zazikulu pang'ono, funsani mwaulemu kuti zinali za ndani, chifukwa kubwerekana pa tsiku lojambulitsa sikunayambe na inu.