Kazembe O'Neill adayeza nyanja zathu, makolo athu adangosenza katundu

Aliyense wokhala ku Mecanhelas, ku Mandimba, ku Milange kapena ku Angónia amadziwa kuti malire a dziko lino ndi Malawi sadutsa m'chipululu. Amadutsa m'minda, m'madambo ndi pakati pa mabanja. Alipo anthu amene amagona ku Moçambique koma chigayo amapitira ku Malawi. Alipo ena amene munda uli mbali ino, manda a makolo ali mbali inayo. Mukafunsa kuti mzere umenewu adaulemba ndani, ambiri amangoti ndi azungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero tikambe za mzungu mmodzi, dzina lake Henry O'Neill. Maganizo anga ndi akuti munthu ameneyu tiyenera kumudziwa bwino, ife ndi ana athu, chifukwa njira imene iye adayenda nayo ikuyendabe mpaka lero pa nkhani za malo.

O'Neill adabadwa m'chaka cha 1848 ndipo adalowa usilikali wa pamadzi wa dziko la Britain akadali mnyamata. M'chaka cha 1873 Sultan Barghash wa ku Zanzibar adasaina pangano ndi Angerezi lotseka msika wa akapolo pachilumbapo. Kutseka msika sikudathetse malondawo. Zombo zidapitiriza kuyenda usiku, zitadzaza anthu. Choncho Angerezi adaimika sitima yaikulu yotchedwa HMS London padoko la Zanzibar, ndipo kuchokera m'sitimayo ankatumiza timabwato tating'ono kukasaka zombozo. O'Neill adagwira ntchito imeneyi zaka zingapo, naphunzira Chiswahili. Adaona ndi maso ake mmene munthu wogwidwa ku Nyanja amaonekera akafika kugombe, atayenda miyezi ali ndi goli m'khosi.

M'chaka cha 1879 boma lake lidamusankha kukhala kazembe pa Ilha de Moçambique, pamene padali likulu la Apwitikizi masiku amenewo. Ntchito ya kazembe wotere idali yokhala mu ofesi, kuyang'anira amalonda a dziko lake ndi kulemba makalata opita ku London. O'Neill adakhala pa udindowu zaka khumi, koma mpando sadautenthetse. Adayenda maulendo opitirira khumi, ena m'mbali mwa gombe, ena kulowa kumtunda. Chimene adapeza n'chakuti ulamuliro wa Apwitikizi udali wa m'madoko ndi m'mbali mwa Zambezi, monga ku Ibo, ku Quelimane, ku Sena ndi ku Tete. Kumtunda eni ake adali mafumu. Adapezanso kuti ngakhale Portugal idaletsa kutumiza akapolo kunja m'chaka cha 1836, anthu ankatulukabe m'timitsinje ta kugombe kupita ku Madagascar ndi ku Comores. Zonsezi adazilemba ndi kuzitumiza kwawo.

Ulendo umene ukutikhudza kwambiri ndi wa 1883. Adanyamuka kugombe, nadutsa m'dziko la Amakua ndi Alomwe mpaka kufika ku nyanja ya Chilwa. Azungu ambiri nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti mtsinje wa Lugenda umatuluka m'Chilwa. O'Neill adaona kuti pakati pa Chilwa ndi Chiuta pali mtunda wa mchenga, ndi kuti Lugenda imayambira ku Chiuta ndi Amaramba isanakathire mu Rovuma. Chaka chotsatira adapita ku Blantyre, kumene adachezera usiku wambiri akuyeza mwezi ndi nyenyezi. Apa m'pamene luso la usilikali wa pamadzi lidamuthandiza. Pakati pa nyanja yamchere palibe phiri kapena mtengo wokuuza pamene uli, ndiye woyendetsa sitima amaphunzira kupeza malo ake ndi nyenyezi, wotchi ndi masamu. O'Neill adachita zomwezo pamtunda, ndipo Blantyre idakhala pa mapu pamalo ake enieni, kotero kuti ena obwera pambuyo ankayezera malo ena kuchokera pamenepo. M'chaka cha 1885 bungwe la Royal Geographical Society la ku London lidamupatsa mendulo yagolide.

Ku Ulaya adati O'Neill watulukira nyanja ya Amaramba. Tamverani mawu amenewo. M'nyanjamo mudali kale mabwato ndi asodzi. Amayi ankatunga madzi pamenepo. Njira adamulondolera ndi anthu akuno, katundu adamusenzera ndi anthu akuno, ndipo dzina lenilenilo la nyanjayo adalimva pakamwa pa anthu akuno. Kusiyana kwake kudali kumodzi. Msodzi ankaidziwa nyanjayo m'mutu mwake, pamene O'Neill adaiika papepala ndi manambala. Pamene maiko adayamba kukangana, adafunsa pepala. Msodzi palibe adamuitana.

Tisamunamizire munthuyu. Pa nkhani ya ukapolo adali woona mtima, ndipo adalankhula pa nthawi imene ambiri ankadya nawo. Tisaiwale kuti malondawo sadali a Aluya ndi azungu okha. Mafumu amphamvu akuno, monga Mataka ndi Makanjira, adalemera ndi minyanga ndi anthu, ndipo midzi yambiri ya Anyanja idathawira m'mapiri ndi m'zilumba chifukwa cha iwo. Munthu amene adayesetsa kuti zimenezi zithe, ngakhale akhale mlendo, ayamikidwe pa chimenecho.

Komabe kazembe ndi wantchito wa boma lake, ndipo zimenezi zidaonekera poyera ku Karonga m'chaka cha 1887. Kumeneko wamalonda wa Chiswahili dzina lake Mlozi ankamenyana ndi Ankhonde, ndipo adazinga sitolo ya kampani ya African Lakes, ija anthu amaitcha Mandala. O'Neill adali pa ulendo wa ku Nyanja. Atamva, adapita kukalowa m'linga ndi azungu ena owerengeka, mmodzi mwa iwo Alfred Sharpe amene pambuyo pake adadzalamulira Nyasaland. Munthu wa cholembera adatenganso mfuti, m'dziko limene silidali la Britain kapena la Portugal. Amene adawapulumutsa ndi ankhondo a Chinyakyusa amene adabwera mwaunyinji kuchokera kumpoto. Nkhondo ya Karonga idapitirira zaka, mpaka Mlozi adaphedwa m'chaka cha 1895, koma kuyambira pachiyambi idapatsa Angerezi chonena: anthu athu ali pangozi ku Nyanja, boma lilowererepo.

O'Neill adachoka kuno m'chaka cha 1889, nakagwira ukazembe ku Livorno ku Italy ndi ku Rouen ku France. Adamwalira m'chaka cha 1925. Malo ake pa Ilha adatenga Harry Johnston, ndipo zinthu zidathamanga. Portugal inkafuna dziko lonse kuchokera ku Angola mpaka ku Moçambique, lija adalipaka utoto wofiirira pa mapu awo. Serpa Pinto adakwera mtsinje wa Shire ndi asilikali namenyana ndi Amakololo. Pa 11 Januwale 1890 Britain idalamula Portugal kuchotsa asilikali ake msanga, ndipo Portugal idagonja. Mfundo imene Angerezi ankaimirira idali yakuti dziko ndi la amene alipodi ndipo akulilamulira, ndipo makalata a akazembe awo pa Ilha adali atanena kwa zaka zambiri kuti Apwitikizi kumtunda kulibe. Pa 11 Juni 1891 maiko awiriwa adasaina pangano la malire. O'Neill sadakhale nawo patebulo limenelo. Koma werengani pangano lake: mzere ukuchoka ku nyanja ya Niassa, ukupita ku gombe la kum'mawa la Chiuta, kenako gombe la kum'mawa la Chilwa, kenako mtsinje wa Ruo mpaka ku Shire. Ndi dera lomwe lija iye adaliyenda ndi kuliyeza.

Kumadzulo mzerewo udatsata msana wa mapiri, pamene madzi a mvula amagawikana, ena kupita ku Zambezi, ena ku Nyanja. Papepala n'zomveka bwino. Pansi pano msana umenewo udali pakati pa dziko la Angoni a Chikuse. Phiri la Domwe lidagwera kwa Apwitikizi, Lizulu kwa Angerezi, ndipo mpaka lero msewu wa Dedza ndi Ntcheu uli ndi dziko lina mbali iyi, lina mbali iyo. Ku Chilwa nako, olemba pangano adamangirira malire ku gombe ngati kuti gombelo ndi mwala. Msodzi aliyense akadawauza kuti Chilwa imayenda. Imasefukira, imabwerera, ndipo zaka zina imaphwa, monga mu 1968 ndi mu 1995. Zidatengera magulu ena oyeza malo kubwera kudzaimika zipilala, ndipo m'chaka cha 1954 Britain ndi Portugal adakhalanso pansi kukonza zina, naika malire pakati pa madzi a Niassa, kusiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Nyasaland. Pa zokambirana zonsezi palibe nyakwawa imene idafunsidwa.

Ena adzati, bwanji kutaya nthawi ndi mzungu wakufa kale pamene tili ndi ngwazi zathu? Yankho langa ndi lakuti ngwazi zathu timaziimbira nyimbo, ndipo n'koyenera, koma mwana amene amangodziwa amene adamenya nkhondo, osadziwa mmene dziko lidatengedwera, adzalandidwanso ndi njira yomweyo. Dziko lino silidayambe kutengedwa ndi mizinga. Patsogolo padabwera munthu waulemu, wopereka moni kwa mfumu, wopereka mphatso ya nsalu, wofunsa dzina la phiri ndi la mtsinje. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu umayamika nzeru za mlendo, koma kalumo kakuthwa kamameta, kamachekanso.

Ena adzati, ngati malire adalembedwa mopanda chilungamo, tiwafafanize. Amenewonso sindigwirizana nawo. Atsogoleri a Africa adagwirizana ku Cairo m'chaka cha 1964 kuti malire amene tidawapeza akhale momwemo, chifukwa kuyamba kuwasuntha n'kuyatsa moto umene palibe angauzime. Ndiponso ife a m'malire tikudziwa chimene mzerewu udatichitira pa nthawi ya nkhondo. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adawoloka kupita ku Malawi, napeza chitetezo kwa abale olankhula chinenero chimodzi, mpaka mtendere wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992 udawatsegulira njira yobwerera. Mzere umene udagawa mabanja ndi womwewo umene udapulumutsa miyoyo. Ukhale pamene ulipo.

Chimene tingasinthe ndi khalidwe lathu pamaso pa munthu wobwera ndi pepala. Masiku ano sabwera pa machila. Amabwera pa galimoto, ali ndi kachipangizo ka GPS m'manja, kamene kamachita m'kamphindi zimene O'Neill ankachezera usiku wonse. Wina ndi wa boma, wodzaona zipilala za malire. Wina ndi wa kampani ya mitengo, ya fodya kapena ya migodi. Ambiri mwa iwo ndi anthu abwino, monga O'Neill adali munthu wabwino pa zambiri. Koma ubwino wa woyeza sutiteteza, chifukwa pepala lake limapita kutali, kukawerengedwa ndi anthu amene sadamwepo madzi a m'mudzi mwathu.

Makolo athu adalibe lamulo lowaimira. Ife tidapatsidwa poyambira. Lamulo la malo la 1997 lidavomereza kuti mudzi umene wakhala pamalo motsata mwambo uli ndi ufulu pa malowo ngakhale ulibe chikalata, lidavomereza umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzimo, ndipo lidati anthu afunsidwe malo asanaperekedwe kwa wobwera. Koma lamulo lili ngati khasu, silima lokha. Woyeza akafika, mfumu isapite yokha. Papite akuluakulu odziwa pamene pali manda akale, papite amayi odziwa zitsime ndi madimba, papite asodzi odziwa pamene madzi amafika chaka cha mvula yambiri, papitenso mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba, ali ndi kope lake. Afunse mlendoyo dzina lake, amene wamutuma, ndi kumene pepalalo likupita. Zolembedwazo ziwerengedwe mokweza m'chinenero chathu chala chisanadindidwe, ndipo pepala lina litsale m'mudzi. Kufunsa si mwano. Safunsa adadya phula.

Kwa aphunzitsi a m'maboma a m'malire ndili ndi pempho. Pophunzitsa za 1891 musamangotchula London ndi Lisboa. Tengani ana mupite nawo pa chipilala chimene chili pafupi ndi sukulu, muwauze za msilikali wa pamadzi amene adasanduka kazembe, amene adadana ndi ukapolo, amene adayeza nyenyezi ku Blantyre, ndi za anthu akuno amene adamusenzera katundu koma mbiri idawaiwala. Kenako muwapatse ntchito yolemba mapu a mudzi wawo, ndi maina a mitsinje, madambo ndi minda monga agogo awo amatchulira. Mapu amenewo asungidwe kwa mfumu. Tsiku lina adzafunika.