Tileke kuvula nthaka

Mwezi wa Novembala ukamayandikira tonsefe timadziwa uthenga umene umachokera kumudzi: tumizani ya feteleza. Timatumiza, chaka chamawa n'kutumizanso yochulukirapo, koma munda womwewo ukungofiira ndi kaufiti. Ine ndikuti ndalama zathu tikuthira m'dengu lobooka, ndipo wobowola ndife eni, chifukwa timakonda munda wosesedwa ngati bwalo la mfumu.

Taonani timadimba tathu kuseri kwa nyumba kuno ku Nairobi. Mizere ya sukuma wiki ili bwino, koma pakati pake dothi lili mbee, dzuwa likuliwotcha, mvula ya mu Epulo ikulikokolola. Kenaka tidandaule kuti udzu sukutha. Udzu umamera pamene papezeka malo ndi kuwala. Bzalanipo khobwe, nkhungudzu kapena maungu, masamba aphimbe pansi, muone ngati khasu mungaligwirenso sabata iliyonse. Khobwe ndi nkhungudzu zimasiyanso chakudya cha mbewu m'nthaka kudzera mu timaphundu ta kumizu, ndiye ndiwo mwapezeratu pomwepo.

Ena amati izi n'zachimidzimidzi. Apite ku Kasarani, kulikulu la ICIPE. M'zaka za m'ma 1990 katswiri wawo Zeyaur Khan ndi anzake ankabzala desmodium pakati pa mizere ya chimanga ndi nsenjere m'mbali mwa munda pofuna kuthana ndi kapuchi. Anadzapeza kuti kaufiti nayenso wagonja: mizu ya desmodium imatulutsa mankhwala amene amameretsa njere za kaufiti koma n'kuzilepheretsa kumata ku mizu ya chimanga, motero zimafa. Alimi akufupi ndi nyanja ya Victoria akhala akulima chonchi zaka zambiri. Kwathunso ku Ekwendeni, kuyambira mu 2000, alimi akhala akubwezeretsa chonde ndi nandolo, mtedza ndi kalongonda.

Sindikunena kuti feteleza ndi woipa. Koma mu 2005 boma linayamba kugawa makuponi, ndipo thumba silinaphimbepo nthaka ya munthu. Kalongonda naye ali ndi makhalidwe ake: mukamubzala tsiku limodzi ndi chimanga amachikwera n'kuchigwetsa, choncho dikirani chimanga chikule kaye, ndipo nyemba zake zimafuna kuphika nthawi yaitali n'kumataya madzi, apo ayi zimaledzeretsa.

Chaka chino potumiza ya feteleza, patulanipo ya mbewu ya nandolo ndi kalongonda, ndipo muwauze akumudzi asatenthe mapesi. Akakana, afunseni kuti thumba la chaka chatha lasiya chiyani m'munda.