Namwino Wodekha Mtima Ndi Chuma cha Dziko

Akuluakulu akale adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawu amenewa ngoyenera kuwalingalira poganizira za anamwino a pachipatala cha Kabudula, m'boma la Lilongwe, kumene anthu a m'midzi yambiri amathamangira usana ndi usiku. Wodwala akafooka kwambiri amamtumiza ku Kamuzu Central, ndipo nthawi zambiri woyamba kuona kuti zinthu zavuta ndi namwino. Ngati maganizo ake abalalika chifukwa cha kutopa, akhoza kuphonya mlingo wa mankhwala, kapena kuchedwa kuona kuti mayi wongobereka kumene akutaya magazi.

N'chifukwa chake maphunziro okhazikitsa maganizo sayenera kutengedwa ngati maseŵera. Maphunzirowa adawayambitsa ndi Jon Kabat-Zinn pa yunivesite ya Massachusetts, ku America, m'chaka cha 1979, chaka chomwe Kamuzu College of Nursing idatsegulidwa. Amatenga masabata 8. Munthu amaphunzira kukhala chete, kumvetsera mpweya wake, ndi kubweza maganizo pa ntchito imene ili m'manja mwake. Kafukufuku wa m'maiko ena waonetsa kuti nkhaŵa ya anamwino imachepa akaphunzira zimenezi. Namwino amene mtima wake uli m'malo amamva bwino dandaulo la wodwala, amaŵerenga kawiri chimene chalembedwa pa botolo, ndipo sakalipira gogo wochokera kutali. Phindu linanso n'lakuti maphunzirowa safuna makina odula ochokera kunja.

Komabe pasakhale wonamiza anthu kuti kudekha kokha kungachize. Mu 2019 bungwe la World Health Organization lidavomereza kuti kutoperatu n'vuto lochokera ku ntchito. Pamene namwino mmodzi akusenza ntchito ya anthu atatu, mankhwala ake ndi kulemba anamwino ena, kuwapatsa nyumba zabwino ndi kuwalipira pa nthawi yake. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udaonetsa poyera kulemera kwa katundu amene iwo amasenza.

Tsono udindo uli kwa Kamuzu University of Health Sciences ndi Nurses and Midwives Council kuti alingalire zoika maphunzirowa m'ndondomeko zawo. Akuluakulu a zaumoyo m'boma apatse anamwino mpata wophunzira ndi wopuma. Mafumu ndi atsogoleri a m'midzi ya Kabudula, Nsaru ndi Nambuma akumbutse anthu awo kulemekeza anamwino. Dziko likasamala namwino, namwinoyo adzasamala mayi ndi mwana.