ZA MASEWERA: Kupatsa N'kuika, Mbiri ya John Stockton

Mlungu uno, owerenga athu, tiyamba taika pambali mpira wamiyendo kuti tikambirane za masewera a basiketibo a ku America, ndiponso za munthu mmodzi amene mbiri yake imadzutsa funso lobuka pa bwalo lililonse: kodi wamkulu ndani, wogoletsa kapena womupatsa mpira? Kwathu kuno ambiri amadziwa kuti Godfrey Chitalu anagoletsa zigoli 107 m'caka ca 1972, koma ndi owerengeka amene angachule maina a anyamata amene anali kumutumizira mipira imeneyo. Ku basiketibo wopatsa saiwalika cotero, pakuti mpira uliwonse umene wabala cigoli umalembedwa m'buku pamodzi ndi dzina la amene waupereka. M'buku limenelo, dzina lokhala pamwamba pa onse ndi la John Stockton wa timu ya Utah Jazz.

Masewerawo ndi otani

Poyamba tifotokozere amene sanawaonepo masewerawa. Basiketibo ndi mbale wake wa netibo imene ana athu amasewera m'masukulu. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu asanu, ndipo colinga ndi kuponya mpira m'mphete yacitsulo yokhala ndi ukonde, imene imapacikidwa mamita 3.05 kucokera pansi. Kusiyana kwake ndi netibo n'kwakuti wosewera amaloledwa kuthamanga ndi mpira, malinga akhale akuugunditsa pansi ndi dzanja limodzi. Cigoli ca pafupi ndi mapointi 2, ca patali kuseri kwa mzera wokhota ndi mapointi 3, ndipo ca cilango ndi pointi imodzi.

Bungwe lalikulu la masewerawa ku America ndi Canada limachedwa NBA. M'menemo timu iliyonse imasewera kokwana 82 pa nyengo imodzi, ndipo masewero amodzi amatenga mphindi 48. Pambuyo pake matimu amene acita bwino amalowa m'mipikisano yocotsana kufikira atatsala awiri olimbirana cikho. Timu ikagwira mpira imapatsidwa masekondi 24 okha kuti iponye ku mphete. Ikacedwa, mpira umapita kwa adani.

Tsono pa anthu asanu aja pamakhala mmodzi amene nchito yake ndi kutenga mpira kumbuyo, kuudzetsa kutsogolo, ndi kusankha amene ayenera kuulandira. Eni masewera amamucha point guard, ife tingati wogawa mpira. Kawirikawiri amakhala wamfupi koposa anzake, koma ndiye maso a timu. Akapatsa mnzake mpira, mnzakeyo n'kugoletsa pomwepo, alembi amamulembera cimene amaca assist. M'nkhani ino tidzangoti mpira wobala cigoli.

Mnyamata wa ku Spokane

John Stockton anabadwa pa 26 March, 1962, mumzinda wa Spokane m'cigawo ca Washington, ndipo anaphunzira pa yunivesite ya Gonzaga ya mumzinda womwewo, imene pa masiku amenewo sinali yochuka pa masewera. M'caka ca 1984, pamene matimu anali kusankha anyamata atsopano, Michael Jordan anatengedwa wacitatu, koma Stockton anadikira kufikira pa nambala 16 pamene a Utah Jazz anamuchula. Msinkhu wake unali mamita 1.85, ndiye kuti wamfupi pakati pa zimphona zopitirira mamita awiri.

Zaka zitatu zoyamba anali wociwiri kwa wogawa mpira wina dzina lake Rickey Green, ndipo nthawi zambiri masewero anali kuyamba iye ali pa benci. Atapatsidwa udindo wonse m'nyengo ya 1987-88, anapereka mipira yobala zigoli 1,128, napambana ciwerengero ca 1,123 cimene Isiah Thomas wa Detroit anaika m'nyengo ya 1984-85. Kuyambira pamenepo anatsogolera NBA yonse pa nchito imeneyi kwa nyengo 9 zotsatizana, kufikira 1995-96.

Nyengo ya 1990-91

Nyengo imene tifuna kuipenyetsetsa ndi ya 1990-91, pamene iye anali ndi zaka 28. Anasewera masewero onse 82 osaphonya ngakhale amodzi, napereka mipira yobala zigoli 1,164. Kufikira lero palibe munthu amene anafikapo pamenepo m'nyengo imodzi. Tikagawa, tipeza kuti pa masewero alionse anali kupereka mipira yotere yoposa 14, pamene wogawa mpira amene amafika pa 10 amaonedwa kale ngati katswiri. Pa 15 January, 1991, polimbana ndi San Antonio Spurs, anapereka 28 usiku umodzi.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Popeza cigoli ciliconse cocokera mu mpira wotere ndi mapointi osacepera 2, mipira 1,164 ija inadzetsera timu yake mapointi osacepera 2,328. Pamwamba pa amenewo, iye mwini anali kugoletsa mapointi 17 pa masewero, ndipo anali mmodzi wa otsogola pa kulanda mpira m'manja mwa adani. Timu ya Jazz inapambana 54 ndi kugonja 28. M'mipikisano yocotsana inagonjetsa Phoenix Suns, koma pa ndime yaciwiri inacotsedwa ndi Portland Trail Blazers.

Nanga dziko linamuyamika motani? Kumapeto kwa nyengo atolankhani amasankha osewera abwino koposa ndi kuwaika m'magulu atatu a anthu asanuasanu. M'caka cimeneco Michael Jordan ndi Magic Johnson anaikidwa m'gulu loyamba, ndipo Karl Malone, amene anali kulandira mipira ya Stockton, nayenso analowa m'gulu loyamba. Mwini kupereka mipirayo anaikidwa m'gulu lacitatu. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu: amene amatuta amaoneka msanga kuposa amene anafesa.

Cinsinsi cimene sicinali cobisika

Karl Malone anafika ku Utah m'caka ca 1985, ndipo awiriwa anasewera pamodzi nyengo 18, masewero 1,412. Cida cao cacikulu cinali njira imene eni ake amati pick and roll. Imayenda motere: Stockton ali ndi mpira, mdani mmodzi akumulonda. Malone, amene anali wamtali ndi wamphamvu, amabwera n'kuima nji ngati citsa m'njira ya mdaniyo. Stockton amadutsa mokhudza phewa la Malone, mdani uja n'kutsakamira pa citsaco. Tsono mlonda wa Malone amakhala pa mphambano. Akathamangira Stockton, Malone amatembenuka kulunjika ku mphete ali yekha, mpira n'kumupeza m'manja. Akakakamira Malone, Stockton amatsala pa mbalambanda n'kuponya yekha.

Matimu onse anali kuidziwa njira imeneyi, ndipo mphunzitsi wa Jazz, a Jerry Sloan, amene anatenga udindo m'caka ca 1988, sanali kuibisa. Koma kudziwa kuti mvula ikubwera sikuiletsa kugwa. Mphamvu yake inali m'kusankha kwa wogwira mpira: kupenya kumene mdani wapendekera, ndi kupereka pa kamphindi koyenera, osafulumira ndiponso osacedwa. Umboni wakuti anali kusankha bwino ndi uwu: pa moyo wake wonse wa masewera, mwa mipira 100 iliyonse imene anaponya yekha ku mphete, yoposa 51 inalowa. Kwa munthu wamfupi woponyera patali cimeneci n'ciwerengero capamwamba, ndipo cisonyeza kuti sanali kuponya mwaumbombo.

Nkhokwe ya zaka 19

Stockton anasewerera timu imodzi yokha kuyambira 1984 kufikira 2003. Pa 1 February, 1995, polimbana ndi Denver Nuggets, anapitirira mipira 9,921 imene Magic Johnson anali nayo pa nthawiyo, nakhala woyamba pa onse. Mu February 1996 anapitiriranso Maurice Cheeks pa kulanda mpira. Pamene anapuma, buku lake linali motere: masewero 1,504, mapointi 19,711, mipira yobala zigoli 15,806, ndi mipira yolanda 3,265. Pa mipira yobala zigoli palibe wina amene anafika ngakhale pa 13,000, ndipo pa yolanda palibe wina amene anafika pa 3,000.

Kuti tione kukula kwa nkhokwe imeneyi, tiyerekeze mnyamata amene ayamba lero, napereka mipira 10 pa masewero alionse, osadwala, osavulala, osaphonya tsiku. Pa nyengo imodzi adzasonkhanitsa 820. Pakutha pa zaka 19 adzakhala ndi 15,580, ndiye kuti akali kumbuyo ndi 226.

Cimene cinamanga nkhokweyi ndi kupezeka pa nchito. Pa masewero 1,526 amene timu yake inasewera m'zaka zimenezo, iye anaphonya 22 okha: anai m'nyengo ya 1989-90, ndi 18 kuciyambi kwa nyengo ya 1997-98 atacitidwa opaleshoni ya bondo. Nyengo zina zonse 17 anasewera kuyambira tsiku loyamba kufikira lomaliza. Ngakhale m'nyengo yake yotsiriza, imene anaimaliza ali ndi zaka 41, anasewera onse 82. Ndipo m'zaka zonse 19 timu ya Jazz sinalephere ngakhale kamodzi kulowa m'mipikisano yocotsana.

Cikho cimene cinamukana

Koma tisabise mbali yowawa. Stockton sanatengepo cikho ca NBA. Pa 29 May, 1997, mumzinda wa Houston, iye ndiye anaponya mpira wa mapointi 3 nthawi ikutha, Jazz n'kupambana 103 kwa 100 ndi kulowa mumpikisano womaliza kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake. Kumeneko anakumana ndi Chicago Bulls ya Michael Jordan, nagonja masewero anai, iwo atapambana awiri. M'caka cotsatira matimu omwewo anakumananso. Pa 14 June, 1998, patatsala masekondi osakwana 42, Stockton anagoletsa mapointi 3 ndipo Jazz inatsogola 86 kwa 83. Jordan anagoletsa, nalanda mpira kwa Malone, nagoletsanso, zinthu n'kukhala 87 kwa 86. Mpira womaliza unali m'manja mwa Stockton. Anaponya patali, koma sunalowe.

Cifukwa ca ici alipo amene amati ziwerengero zake n'zacabe, pakuti amalemekeza mlenje ndi nyama imene wabwera nayo. Ena amati aliyense akadalemera ndi mipira yobala zigoli akadakhala ndi Malone, amene anagoletsa mapointi 36,928. Enanso amakumbutsa kuti Magic Johnson anatenga zikho zisanu, ndipo pa masewero alionse anali kupereka mipira 11.2 pamene Stockton anali kupereka 10.5.

Za Magic Johnson tivomereza: pa zikho ndi pa ciwerengero ca tsiku limodzi, iye ali patsogolo. Koma Johnson anasewera masewero 906, Stockton 1,504, ndipo kusunga muyeso woposa 10 pa ulendo wautali cotero ndi luso lina palokha. Za Malone, funso lingathe kutembenuzidwa: kodi mapointi ake akadafika pamenepo popanda munthu womupezera mpira pamalo oyenera kwa zaka 18? Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga likaima sitifunsa kuti mwa osenza aja wofunika anali uti.

Za cikho, tikumbukire kuti cimapita kwa timu imodzi pa caka, ndipo cingathe kutsamira pa mpira umodzi monga zinacitikira mu 1998. Mpira umeneuja ukadalowa, Jazz ikadapeza mwai wosewera masewero acisanu ndi ciwiri pa bwalo la kwao. Kodi tinene kuti kuphonya kumodzi kufafaniza mipira 15,806 imene inafika bwino? Ife tikuti iai. Eni masewera naonso pomaliza anavomereza: anasankhidwa kakhumi kusewera m'masewero a akatswiri okhaokha, anaikidwa m'gulu loyamba mu 1994 ndi 1995, anatenga mendulo za golide ndi timu ya dziko lake pa masewera a Olympic ku Barcelona mu 1992 ndi ku Atlanta mu 1996, ndipo mu 2009 dzina lake linalowa m'nyumba yosungiramo mbiri ya ngwazi za basiketibo. A Jazz analeka kupatsa wosewera wina aliyense nambala 12 imene iye anali kuvala.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mipira imene Stockton anapereka inabala mapointi osacepera 31,612, oposa kutali 19,711 amene anagoletsa ndi manja ake, ndipo ndi yoperekayo imene yasunga dzina lake zaka zoposa 20 cipumire.

Cotero tipempha aphunzitsi a masewera m'masukulu athu, kaya ndi a mpira wamiyendo kaya a netibo, kuti poyamika ana pakutha pa masewero asachule wogoletsa yekha. Funsani kuti mpirawo unacokera kwa yani, ndipo onani mwana amene safuna cifukwa cojombera tsiku lokonzekera. Ana akaona kuti wopatsa nayenso amachulidwa dzina pamaso pa anzake, adzaleka kukakamira mpira, ndipo timu yonse idzapindula.