Maliro atha, nanga nyimbo?

Ine ndatopa nawo ulemu wa pamanda. Woimba akafa, akuluakulu amathamanga ndi nkhata zamaluwa, malonjezo mbwee, mawa lake zii!

Taonani anzathu a kwa Singano ku Chileka. Donald Kachamba atamwalira mu 2001, amene ankaimba naye, monga Moya Malamusi ndi Gerhard Kubik, sanapachike zida ayi. Gululo analitcha Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, najambula nyimbo ku Vienna mu 2004. Ulemu ndi umenewo.

Nanga kwathu kuno ku Phalombe? Madala a banjo za zigubu akutha mmodzimmodzi, ife tangoti phee. Inu anyamata oimba, musadikire bokosi. Katengeni aphunzitsi anuwo, mukalowe nawo mu situdiyo akadali ndi mpweya.