Msonkho pa Ndarama za Nkhalamba

Abale ndi alongo a m'Nthambi yathu, tamverani! Mphunzitsi kapena mesenjala wopuma pa ntchito akasungitsa kandarama kake ka penshoni ku banki, Boma limadula K20 pa K100 iliyonse ya chiwongoladzanja, mwini wake asanachigwire n'komwe. Wolemera wa ku Blantyre samva kanthu, koma kwa nkhalamba ya kumudzi ndiye kuti mchere ndi sopo zapita.

Akuti ndi phindu. Phindu lanji? Mu November 2023 Kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo kachiwongoladzanjako sikabweza zimene zinatayika. Wantchito wa malipiro ochepa sadulidwa PAYE. Nanga agogo analakwanji?

Ife tikuti opuma pa ntchito osauka asamakhome msonkho umenewu. Bwerani nonse ku msonkhano Loweruka, mutatenga mapepala anu a ku banki, tidzalembe kalata kwa Phungu wathu.